Chikuto cha Nsalu ya Mizere

1. Thumba la pansi pa bedi

"Thumba ilo ulisiye," anatero agogo. "Ndakuona. Usaganize kuti maso angawa anafa."

Namafunso anabweza dzanja msanga. Anali atagwada pafupi ndi bedi, mutu uli kunsi, akupisa m'thumba la tizidutswa ta nsalu. Dzina limeneli anamupatsa ndi agogo omwewo, chifukwa chiyambire kuyankhula mwanayu sanamezepo funso. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zitatu, koma khalidwe linali lomwe lija.

"Ndimangofuna kamodzi kokha, agogo. N'za kusukulu."

"Za kusukulu! Khala apa ndikuuze. Tinsalu timeneto amayi ako amatola pansi ku fakitale, osesa asanatitaye. Aliyense amatola, mlonda yemwe akudziwa. Koma pakhoma la ku fakitale anamatapo pepala. Ine kuwerenga sindidziwa, amayi ako ndiwo anandiuza zimene likunena: munthu asatulutse kanthu, ngakhale kaulusi. Pepala lotere limagona, mdzukulu wanga, koma silifa. Tsiku limene mwini wake walifuna, amalidzutsa. Tinsalu timeneti n'toyika m'pilo, n'togambira m'kati mwa diresi, kumene diso la munthu silifika. Tisatuluke pakhomo pano."

Namafunso anangoti zyoli.

"Sindinathe. Chipinda chino si chathu. Bedi ndi lathu, mapoto ndi athu, koma denga ndi la fakitale. Mzere wonse uno wa zipinda ndi wa fakitale. Tsiku limene amayi ako adzachoke pa makina, ifenso tidzachoka pansi pa denga lino. Ndiye zimene amayi ako amadandaula madzulo akamavula nsapato, zizithera pa chitseko icho. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva ndi khutu liti?"

"Onse awiri, agogo."

Agogo ananyamula beseni n'kutuluka kukayanika zovala. Phazi lawo litangoti zii, mwanayo anapisanso m'thumba. Anatulutsa kansalu kotuwa ka mizere yofiira iwiriiwiri, kofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu kuphatikiza chinzake. Anakapinda n'kukalowetsa pakati pa kope la masamu.

2. Buku la mpopi

Zonsezi zinayamba ndi mphunzitsi watsopano. Anali mayi wachitsikana, woyenda mofulumira, ndipo ana ankangomutcha Madamu. Anabwera pasukulupo ndi katoni yodzaza mabuku a ana, a zithunzi zikuluzikulu. Lachisanu lililonse, ola lomaliza, ankafufuta bolodi, n'kukhala pa tebulo miyendo lendelende, n'kuyamba kuwerenga.

Lachisanu lina anawerenga nkhani ya mpopi. Munthu wina wolemera anayika loko pa mpopi wa mumsewu. Anthu onse ankaima pamzere ndi zidebe kudikira kuti iye adzuke. Akuluakulu ankangong'ung'udza. Kenako kamtsikana kena kanakwera pa chidebe n'kufuula kuti madzi ndi a aliyense. Anthu analimba mtima, loko anachotsedwa, ndipo pa tsamba lomaliza onse ankavina madzi akuthovoka.

"Analakwa ndani m'nkhaniyi?" anafunsa Madamu.

"Wogulitsa maloko!" anakuwa wina kumbuyo. Kalasi yonse inafa nako kuseka.

"Chabwino, aphungu. Wina?"

Namafunso anakweza dzanja. "Madamu, akuluakulu aja ankaona zonse. Bwanji sankayankhula?"

"Funso ndi limenelo," anatero Madamu akumuloza ndi choko. "Mantha. Zinthu zopanda chilungamo zimanenepa ndi anthu okhala chete. Tsono tamverani. Aliyense apange buku lakelake. Masamba asanu ndi atatu, musoke pakati ndi ulusi, chikuto chikhale cha nsalu kuti lisang'ambike. Mulembemo chinthu chopanda chilungamo chimene munachiona ndi maso anu. Lamulo ndi limodzi: musatchule dzina la munthu kapena la malo. Tsiku la makolo tidzawayala pa tebulo kuti onse aone."

Ana ena analemba za ogawa mpira mokondera. Wina analemba za mlongo wake amene satsuka mbale. Namafunso sanavutike kufunafuna. Nkhani yake inkalowa yokha pakhomo madzulo alionse.

3. Kiyi wa pakhosi

Amayi ake ankasoka makola a m'khosi mwa malaya ku fakitale. Akaweruka ankabwera limodzi ndi Amake Mapasa, a pa makina oyandikana nawo, amenenso ankakhala chipinda chachitatu mumzere womwewo. Amayi asanapereke n'komwe moni ankalunjika pa ndowa. Ankamwa makapu atatu ali chilili, khosi likugwira ntchito ngati pampu.

"Pang'onopang'ono, mwana wanga, utsamwa," ankatero agogo.

"Musiyeni amwe, agogo," ankayankha Amake Mapasa. "Chiyambire m'mawa sanalawe dontho. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Kuntchito kwathu kuja wamva m'mimba ayambe wakagwadira kapitawo."

Nkhani yake inali yotere. Azimayi oposa makumi asanu ankagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, ndipo chinkakhala chokhoma. Kiyi wake ankalendewera pakhosi pa kapitawo, pa chingwe cha nsapato. Wofuna kupita ankakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Kapitawo ankayang'ana kaye mulu wa malaya pa tebulo la munthuyo. Ukakhala waung'ono ankati, "Maliza kaye khumi." Choncho azimayi anaphunzira kusamwa madzi. Amayi a Namafunso ankagona atagwira m'chiuno, akubuula.

Mwanayo analemba zonsezi. Sanatchule dzina la munthu, monga ananenera Madamu. Anangoti "bambo wa kiyi pakhosi" ndi "mayi wa makapu atatu". Anajambula azimayi atakweza manja. Masamba anawasoka ndi ulusi wakuda, ndipo kansalu ka mizere kaja anakakuta kunja, m'mphepete n'kupinda bwinobwino monga ankachitira amayi ake ndi makola. Kusoka kokha, mwanayu anatengera.

Madamu ataliwerenga anayitana Namafunso.

"Iwe," anatero, "ili silongoyala pa tebulo ayi. Udzaliwerenga pamaso pa makolo."

"Agogo anga amati za m'nyumba zizithera pa chitseko."

Madamu anamwetulira n'kumugwira phewa. "Agogo ako anakula nthawi ina, nthawi ya mantha. Dzina la munthu mulibemo. Angakugwire ndani? Kumbuka kamtsikana ka pa chidebe."

4. Chenjezo lachiwiri

Lachisanu madzulo agogo anapeza mwanayo akusita yunifolomu kachiwiri.

"Kusita kwake kumeneku, mawa kuli ukwati?"

"Andisankha kuti ndikawerenge pamaso pa makolo."

"Ukawerenge chiyani?"

"Kankhani chabe."

Agogo anakhala pa bedi n'kumuyang'ana nthawi yayitali. Amayi anali asanabwere.

"Ine sukulu sindinapondeko," anayamba motero, "koma pepala ndimalidziwa. Mawu a pakamwa ukawanena mphepo imawatenga, mawa ukhoza kukana. Pepala silidziwa kunong'ona. Limauza aliyense amene walitola, mnzako ndi mdani yemwe, ndipo silisankha tsiku. Aphunzitsi akowo ndi munthu wabwino, ndawaona akudutsa, amapereka moni. Koma iwo akakutuma kukagwedeza chisa cha mavu, madzulo amakagona kwawo. Mavu akadzuka safunsa kuti wakutuma ndani. Amaluma amene ali pafupi, ndi amene wamubereka kumsana.

"Agogo ako aamuna ankanyamula matumba kosungira katundu. Tsiku lina anayankhulira anzawo zoona zokhazokha. Anzawo anawombera m'manja, eee, manja anamveka mpaka kumsewu. M'mawa mwake amene anatsala kunja kwa geti anali iwo okha. Owomba m'manja aja ankadutsa akuyang'ana kumbali. Manja a anthu sakhutitsa, mdzukulu wanga. Ndiye ndikufunse kamodzi kokha. M'kankhani kakoko muli za m'nyumba muno?"

Simbi inali itaima pamalo amodzi. Namafunso anayikweza msanga.

"Mulibe dzina la munthu aliyense, agogo."

"Sindinafunse za dzina."

Pomwepo chitseko chinatseguka, amayi n'kulowa kulunjika pa ndowa. Mwanayo anapezerapo mpata, n'kutuluka kukataya makala a m'simbi. Akanatha kubwerera n'kuulula. Akanatha kuliyika bukulo pa moto womwewo. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi.

5. Tsiku la makolo

Loweruka amayi anapita ku ntchito monga mwa masiku onse. Ku sukulu kunapita agogo, atavala mpango wawo woyera, n'kukhala pa benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo. Ankakonda kukhala pamene angatulukire msanga.

Holo inadzaza. Kutsogolo kunali mipando ya a komiti ya makolo. Namafunso atakwera pa nsanja anaona bambo wina wamfupi, wa jekete labuluu, atakhala pafupi ndi ahedi. Anamuzindikira. Anali kapitawo, amenenso mwana wake ankaphunzira kalasi ya m'munsi. Tsiku limenelo kiyi anali atasiyira womutsatira.

Mwanayo anayang'ana Madamu. Madamu anagwedeza mutu momulimbikitsa, pakuti iwo kapitawoyo sankamudziwa.

Namafunso anayamba kuwerenga. Atafika pa azimayi okweza manja, ena anaseka. Atafika pa "Maliza kaye khumi", kuseka kunatha. Anthu a mumzere wa zipinda za fakitale amene analipo anaweramitsa mitu ngati akupemphera. Koma agogo sankamvetsera mawu. Maso awo anali pa chimene chinali m'manja mwa mwanayo. Zilembo sankazidziwa, koma nsalu ankayidziwa ali patali. Anagwira pakamwa.

Atamaliza, woyamba kuwomba m'manja anali kapitawo. Anawomba mwamphamvu, akumwetulira, holo yonse n'kumutsatira. Madamu misozi inali m'maso.

Anthu akubalalika, bamboyo anabwera pa tebulo la mabuku.

"Mwana wanzeru uyu, aphunzitsi. Ndilione kabukuko?"

Namafunso anapereka ndi manja awiri. Kapitawo sanatsegule n'komwe. Anatembenuza bukulo, n'kufikisa chikuto pakati pa zala ziwiri.

"Kusoka kwabwino. Anakusokera ndani?"

"Ndasoka ndekha."

"Oho. Mwana wa telala ndithu. Nanga nsaluyi munagula sitolo iti, mwana wanga? Ine ndimadziwa kuti ya mizere yotereyi imabwera mpukutu wake wapadera, ya malaya a oyendetsa mabasi. Pamsika siipezeka."



"Aphunzitsi, mundibwereke bukuli," anatero bamboyo mwaulemu. "Ndikawaonetse akuluakulu kuntchito. Nawonso aphunzirepo."

Madamu anasangalala. "Tengani, bambo. Cholinga chake n'chimenecho."

Panjira yobwerera agogo anayenda mofulumira mpaka pakhomo. Atalowa anakoka thumba lija, n'kukhuthulira tinsalu tonse pa mbaula, n'kuyatsa. Utsi unadzaza chipinda.

"Ndikutseka khola mbuzi zitatuluka kale," anatero akutsokomola.

6. Lolemba

Lolemba dzuwa lisanafike pamutu, amayi anatulukira pakhomo. Namafunso sanapite ku sukulu tsiku limenelo. Chiyambire kuzindikira zinthu anali asanaonepo amayi ake panyumba nthawi yotero pakati pa sabata.

Amayi anakhala pa bedi nsapato zili kuphazi. M'dzanja munali envelopu. Anamupatsa mwanayo.

"Werenga. Si ndiwe wodziwa kuwerenga pagulu?"

Kalatayo inali yayifupi. Inkati amayi achotsedwa ntchito chifukwa chotulutsa katundu wa fakitale popanda chilolezo, ndipo umboni ulipo. Inkatinso chipinda achisiye pasanathe masiku asanu ndi awiri. Za chimbudzi, za kiyi, za madzi, munalibe ngakhale liwu limodzi.

"Anayika kabuku kako pa tebulo," anatero amayi ndi mawu otsika. "Sanakatsegule. Anangoti, nsalu iyi mukuyidziwa? Zaka khumi ndi chimodzi ndasoka makola, sindinachedwepo, sindinayankhepo mwano. Lero ndatuluka pa geti ndili wakuba. Wakuba wa kachigamba kamene akanakasesa."

"Amayi, ine ndimafuna kuti asiye kukuzunzani."

"Ndinakutuma? M'chiuno mopwetekamu ndi mwako? Ndinkapirira ndikudziwa chimene ndikupiririra. Ndinkapiririra denga ili, ndi yunifolomu yakoyo."

Madzulo mbiri inafika mumzere. Azimayi onse anawasecha pa geti, m'zikwama mpaka m'mipango. Pakhomo lililonse panafuka utsi wa nsalu. Mayi wina anang'amba pilo wa mwana wake n'kutentha zam'kati. Namafunso atapita kukatunga madzi, atsikana amene ankasewera naye anasuntha zidebe zawo.

"Patukani, alembi akudutsa," anatero wina. "Mungalowe m'buku."

7. Funso kwa Madamu

Lachitatu Namafunso anapita ku sukulu nthawi yopuma, osavala yunifolomu. Anapeza Madamu ali okha m'kalasi akuchonga makope. Katoni ya mabuku ija panalibe.

"Ahedi ayitsekera mu ofesi," anatero Madamu asanafunsidwe. "Akuti a komiti adandaula. Ola la Lachisanu likhala la masamu." Anayika cholembera pansi. "Ndamva za amayi ako. Pepa, mwana wanga. Ndinapita ku fakitale dzulo, anandibweza pa geti. Ine ndinkayang'ana mawu. Za chikuto sindinaziganizire n'komwe."

"Tikusamuka Lolemba. Tikupita kwa azakhali, kutali. Akuti sukulu ya kumeneko ndi yodzaza, ndidikire chaka chamawa."

Madamu anaphimba nkhope ndi manja.

"Madamu, ndifunse nawo?"

"Funsa."

"Kamtsikana kaja ka pa chidebe. Kankagona m'nyumba ya ndani? Amayi ake ankagwira ntchito kwa ndani?"



"Bukulo silinanene," anayankha Madamu.

"Bwanji silinanene?"

Belu linalira. Ana anayamba kulowa akukankhana. Namafunso anadutsa pakati pawo n'kutuluka. Pa desiki yake panali patakhala kale wina.

8. Uthenga wa kapitawo

Lachisanu masana chipinda chinali chitasanduka mitolo. Bedi analimasula n'kuliyimika kukhoma. Agogo ankakulunga makapu m'zovala. Amayi anakhala pa ndowa yovundikira, akuyang'ana pansi. Chiyambire Lolemba anali asanayankhule ndi mwana wawo, kupatula "tenga ichi" ndi "suntha".

Kunamveka odi wapansipansi. Anali Amake Mapasa, atavala epuloni ya kuntchito, akupuma mofulumira. Sabata yonse anali asanapondepo pakhomopo. Anayang'ana uku ndi uku mumzere, n'kulowa.

"Ndathawa nthawi ya nkhomaliro. Andituma a kapitawo."

"Akufunanso chiyani?" anafunsa amayi. "Magazi?"

"Nkhani ija yawafikira eni fakitale. Kholo lina linakayifotokoza kwa anthu oyendera malo a ntchito, ndiye akuti abwera sabata yamawa. A kapitawo sakuona tulo. Akuti mwanayu abwere mawa m'mawa. Ayime pamaso pa ife tonse, ndi pamaso pa abwana, anene kuti zonse anangopeka, chimbudzi sichikhomedwa. Asayine pepala. Akatero, za nsalu ziyiwalika. Inu mubwerera pa makina, chipinda osachisiya."

Agogo anayika kapu pansi.

"Apita," anatero. "Akanena. Mdzukulu wanga, ndimvere kamodzi kokha m'moyo mwako. Bodza la tsiku limodzi silinaphepo munthu, koma mvula ikubwerayi imapha wopanda denga. Ine ndakalamba, mafupa awa sangagonenso pakhonde la munthu. Amayi ako akudwala. Iwe sukulu ikukuthawa ukuona. Chilungamo chimenecho adzachipeze ena, amene ali ndi kokagona. Pita ukawerame. Udzu umene umawerama ndi umene umatsala mphepo ikadutsa."

"Ndiye akanene kuti ine ndine mayi wa mwana wabodza?" Amayi anadzuka pa ndowa. "Wakuba ndakhala kale. Tsopano mwana wanga akhale wabodza, pa pepala, atasayina ndi dzanja lake?"

"Ukadya ulemu kwa azakhali akewo?" anafunsa agogo.

Amayi anatembenukira kwa mnzawo. "Nanga inu, Amake Mapasa, mukuti bwanji? Ndinu amene mwatsala m'menemo."

Amake Mapasa anayamba kupotokola chingwe cha epuloni.

"Ine musandifunse, anzanga. Ndili ndi ana awiri oyamwa. Akadzabwera oyenderawo ine ndidzati sindikudziwa kanthu, ndipo tonse tidzatero. Akakana mwanayu, mukupita Lolemba. Akavomera, mutsala, koma kiyi uja sadzachokanso pakhosi paja mpaka tidzafe." Anasuzumira kunja. "Ndachedwa. Akuti ndibwere ndi yankho belu lisanalire. Ndikawauze chiyani?"

Namafunso anali pakona, atakumbatira mtolo wa makope ake amene anawamanga ndi chingwe. Agogo, amayi ndi Amake Mapasa, onse atatu anatembenukira kwa iye.